Ukasowa pa radar, makina amayamba kuombeza

Amalonda anzanga, sabata ino tisiyeko kaye za mitengo ya tomato ndi za matikiti a msonkho wa pamsika. Pali mawu amene tonse tidawamva pa wayilesi pa 10 Juni 2024, tsiku limene ndege yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, malemu Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 idakagwa ku Chikangawa. Adatiuza kuti ndegeyo yasowa pa radar. Maliro amenewo ali ndi eni ake ndipo misozi sinaumebe, ndiye ine sindilowako. Ndangotolapo mawuwo basi, chifukwa ndaona kuti ambiri a ife timayesa radar ndi diso losaphethira, loti likakugwira lakugwira mpaka kalekale.

Ayi ndithu abale anga. Radar imaphethira kuposa ine ndi inu. Makamaka radar imene amaikweza m'ndege kuti izilondola zinthu zoyenda, kaya ndi ndege zinzake kaya ndi magalimoto pansi, kutaya chimene ikulondola ndi nsima yake ya tsiku ndi tsiku. Ndipo ikataya, makina sangokhala chete, amayamba kuombeza kuti chinthucho chafika pati. Kuombezako kukaphonya, kapena anthu okhala pa makinawo akakumva molakwa, kumagwa maliro. Ena mwa amene adafa motero ndi madalaivala a malole amene ankangosaka ya ndiwo ngati ife tomwe.

Tiyambire poyambira. Mukaima moyang'anana ndi phiri n'kukuwa, mawu anu amabwerera, ndipo phiri likakhala patali mawuwo amachedwa. Radar ndi kukuwa komweko, kungoti iyo imakuwa ndi mafunde a wayilesi amene amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Makina amawerengera kuchedwa kwa mafunde obwererawo, n'kuika kadontho pa sikirini. Kadontho basi. Palibe nambala ya galimoto, palibe mtundu wa penti, palibe nkhope ya munthu. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Nanga bwanji kuvutika kuikweza m'ndege? Paja dziko ndi lobulungira. Radar yoima pansi, chinthu chouluka motsika imachiona chikafika pa makilomita 40 kapena kuchepera apo, chifukwa kupitirira pamenepo chabisika kuseri kwa dziko lomwelo. Ndiye anthu adachita zomwe amachita mwana woingitsa mbalame m'munda wa mpunga: adakwera pa nsanja. Nsanja yodziwika kwambiri ndi ndege ya ku America ya E-3 Sentry, imene ambiri amaitcha AWACS, yomwe idayamba ntchito mu 1977. Ndi Boeing 707 yosenza chimbale cha mamita 9 pamsana, ngati mayi wasenza lichero lalikulu. Ikakwera makilomita 9 m'mwamba imaona ndege zouluka motsika pa mtunda woposa makilomita 300, kuposa ulendo wochoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre.

Koma nsanja ili ndi msonkho wake. Ukakuwira pansi uli m'mwamba, chilichonse chimayankha: mitengo, miyala, zulu, malata a nyumba, nthaka yeniyeniyo. Kufuna kumva galimoto imodzi m'chiphokoso chimenecho kuli ngati kufuna kumva ndalama yachitsulo ikugwa pakati pa msika wa Limbe Loweruka masana.

Chidawapulumutsa ndi chinthu chimene makutu anu amachidziwa kale. Ambulansi ikamabwera kumene muli, kulira kwake kumamveka kokwera, ikangokudutsani kumatsikira ku besi. Bambo wina wa ku Austria, Christian Doppler, adafotokoza chifukwa chake mu 1842, ndipo mu 1845 Buys Ballot wa ku Netherlands adakweza oimba malipenga pa ngolo ya sitima pafupi ndi Utrecht, ena ali chilili m'mbali mwa njanji kumvetsera, kuti atsimikize. Mafunde a radar nawonso amatero. Chinthu chimene chikukuyandikira chimabweza mafunde othinana, chimene chikuthawa chimabweza otalikirana, pomwe mwala umabweza momwe walandirira. Kompyuta imayamba yachotsera kuyenda kwa ndege yakeyo, kenako n'kupeta. Zonse zoima zimauluka ngati mankhusu, zoyenda zokha ndiye zimatsala m'lichero.

Apa mpamene pagona vuto. Lichero lotaya mankhusu limatayanso mbewu yofanana ndi mankhusu. Lole ikaima, kwa radar yasanduka mwala. Ikamayenda pang'onopang'ono kwambiri, mwala womwewo. Ndipo chodabwitsa ndi ichi: ngakhale ikuthamanga bwanji, ngati ikudutsa chopingasa, osayandikira ndegeyo komanso osaithawa, radar imaiona ngati yaima. Oyendetsa ndege zankhondo amachita kuphunzitsidwa zimenezi. Ukadziwa kuti radar ya mdani yakugwira, tsika pansi ndipo uipatse nthiti, kuti ikupete pamodzi ndi mitengo. Onjezanipo mapiri, amene amatseka ngati chipupa. Onjezaniponso kuphethira kwenikweni: chimbale cha AWACS chija chimazungulira ka 6 pa mphindi, kutanthauza kuti chimakuyang'ana kamodzi pa masekondi 10 alionse. Ndege yothamanga makilomita 900 pa ola, m'masekondi 10 amenewo yadya makilomita awiri ndi theka radar ikuyang'ana kwina.

Ndiye mukaona mufilimu kachizindikiro kakuyenda bwinobwino pa sikirini osadukiza, dziwani kuti si zimene radar ikuona. Radar yapereka timadontho tapatalipatali. Wolumikiza timadonthoto ndi kompyuta, ndipo pakati pake ikudzazamo zongoganizira.

Musati ndi matsenga. Inu mayi wa kaunjika mumachita zomwezo mlungu uliwonse. Mwapatsa mnyamata waganyu belo lanu kuti asenze kuchokera pa depoti kukafika pa benchi panu, inu muli pambuyo m'chikhamu cha anthu, maso ali pa belo. Mnyamata walowa kuseri kwa lole yoima. Kodi maso anu amakhala pa lolepo? Ayi, amadumphira kutsogolo kumene atulukire, mtima ukuwerengera kuti m'mene amaponyera miyendo muja atuluka pano, pano, uyo! Akatulukira chakumanzere pang'ono, mumakonza maganizo anu n'kupitiriza.

Amene adalemba nzeru imeneyi m'masamu oti makina amve ndi Rudolf Kalman, wobadwira ku Budapest mu 1930 koma wogwira ntchito ku America. Adaitulutsa mu 1960, ndipo posakhalitsa idagwira ntchito m'zombo za Apollo zimene zidapita kumwezi. Mwachidule, kompyuta imakhala ndi mboni ziwiri, zonse zonamako pang'ono. Mboni yoyamba ndi masamu, amene amati chinthucho chinali apa, chikuyenda liwiro lakuti, ndiye tsopano chiyenera kukhala apo. Mboni yachiwiri ndi radar, imene imaloza pafupi koma osati penipeni. Kalman adapeza njira yoikira mboni ziwirizi pa sikelo, yodalirika kwambiri panthawiyo n'kupatsidwa mwala wolemera. Radar ikasowa chonena, imatsala mboni imodzi, masamu okha, ndipo chizindikiro chimapitirira kuyenda pa sikirini ngati kuti zonse zili bwino.

Kukongola kwa njira ya Kalman n'koti kompyuta imasunganso kukula kwa chikaiko chake. Imakhala ngati yalemba mzere kuzungulira dera, n'kunena kuti chinthucho chili m'katimu. Sekondi iliyonse imene radar yakhala chete, deralo limakula. Lole yoyenda makilomita 60 pa ola ikasowa kwa mphindi 5, ikhoza kukhala pa makilomita 5 kutsogolo, ikhoza kukhala idakhotera msewu wina, ikhoza kukhala idaima pomwe idasowerapo dalaivala akugula chimanga chootcha. Deralo likakula mopitirira muyeso, chizindikiro chimayenera kufufutidwa. Koma chifufutidwe liti, ndipo wofufuta ndani? Funso limeneli lidadya anthu, tifikako.

Mayeso aakulu a radar yolondola magalimoto adachitika mu 1991, pa nkhondo yotulutsa asilikali a Saddam Hussein m'dziko la Kuwait. Amereka adatumiza ku Saudi Arabia ndege ziwiri zokha za mtundu wa E-8, zimene amazitcha JSTARS. Zinali zisanamalize n'komwe kuyesedwa, moti mainjiniya a kampani ya Grumman, anthu wamba, ankakwera nawo kuti makina akavuta akonzere m'mwamba momwemo. Ndege imeneyi radar yake siisenza pamsana koma kunsi kwa mimba, chinthu chotalika mamita 7 chobisika m'chibokosi chonga bwato, ndipo imayang'ana cham'mbali. Imatha kuyang'anira dera la masikweya kilomita pafupifupi 50,000, limene ndi ngati theka la nthaka youma ya dziko lathu lino. Ndege ziwirizi zidauluka maulendo 49 pa nkhondo imeneyo.

M'chipululu zinthu zidawayendera. Ndi pathyathyathya, palibe mitengo, misewu ndi yowerengeka. Pamene asilikali a Iraq adalowa m'tauni ya Khafji ku Saudi Arabia pa 29 Januwale 1991, JSTARS idaona mizere ya akasinja ndi malole ikuyenda usiku kuti ikathandize anzawo, n'kulozera ndege zoponya mabomba. Kumapeto kwa Febuluwale idaonanso chikhamu chonse chikuthawa mu mzinda wa Kuwait kulunjika ku Basra, timadontho tochuluka ngati linthumbu pa sikirini. Magalimoto oposa 1,000 adapsera pamsewu umenewo, umene mpaka lero amautcha msewu wa imfa. Akuluakulu a nkhondo adaomba m'manja kuti tsopano palibe choyenda usiku chimene chingabisale.

Adafulumira kuomba m'manja. Pa nkhondo yomweyo, Saddam ankaponya mizinga ya Scud ku Israel ndi ku Saudi Arabia, yoposa 80 yonse pamodzi, ndipo ankaiponyera pa malole aatali oyenda. Anyamata oyendetsa malole amenewa adachenjera. Masana ankabisala kunsi kwa milatho ndi m'makalavati a misewu ikuluikulu. Usiku amatuluka, kuponya mzinga, n'kuchokapo m'mphindi zochepa, kukaimanso penapake phee. Kuima kokhako kunali kokwana kuwafufuta pa radar yopeta zoyenda. Adamwazanso malole abodza ongopanga kuti anyenge ndege. Kafukufuku amene gulu lankhondo la m'mlengalenga la America lidalamula, yemwe adatuluka mu 1993, adapeza kuti ka 42 oyendetsa ndege adaona ndi maso mzinga ukunyamuka, koma ka 8 kokha ndi pamene adatha kuona choti aponyere bomba. Ndipo kafukufukuyo sadapeze umboni wosatsutsika woti ndege zidawononga ngakhale lole imodzi yeniyeni ya Scud.

Nanga zimene ankaphulitsa zinali chiyani? Zina zinali zabodza zija. Zina zinali malole a mafuta. Lole yaitali yonyamula thanki, usiku, pa radar kapena pa kamera yoona kutentha, imafanana ndi lole yonyamula mzinga. Nthawi imeneyo dziko la Jordan linkadalira mafuta ochokera ku Iraq odzera pamsewu wa Baghdad kupita ku Amman, msewu womwewo umene ndege zinkasakako Scud. Madalaivala a ku Jordan adaphedwa pamsewu umenewo ndipo boma lawo lidadandaula. Pa 30 Januwale 1991 mkulu wa asilikali Norman Schwarzkopf adaonetsa atolankhani kanema wa zimene adati ndi malole a Scud akuphulika, koma akatswiri ounika zithunzi pambuyo pake adati zinkaoneka kuti ndi mathanki a mafuta. Inu amene katundu wanu amabwera pa lole kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg mukudziwa kuti dalaivala wa thiraki ndi munthu wotani. Ndi bambo wa ana, ali ndi ketulo ndi bulangete kuseri kwa mpando. Pa sikirini ndi kadontho.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali nkhani ina ya nkhondo yomweyi yoonetsa kuopsa kwa kuombeza. Iyi inali radar ya pansi, ya mizinga yoteteza ya Patriot ku Dhahran, koma matenda ake ndi omwewa. Pa 25 Febuluwale 1991 radar imeneyi idaona Scud ikubwera, kompyuta n'kuwerengera pomwe iyenera kuonekeranso. Koma makinawo adali atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsa, ndipo wotchi yake idali itataya gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kwa mzinga wothamanga chotero, kameneko ndi mamita oposa 600. Radar idayang'ana pamalo olakwika, idapeza palibe kanthu, kompyuta n'kunena kuti choyamba chija chinali chabodza. Mzinga udagwera nyumba yogona asilikali, 28 adafa.

Tibwerere kwa mnyamata wa belo uja, pakuti sitinathane naye. Tinene kuti walowa kuseri kwa lole koma sakutuluka. Mayi wopusa yekha ndi amene anganene kuti mnyamatayo kulibe, tiyeni tizipita. Mayi wa pamsika amadziwa kuti kusatulukako ndi uthenga. Ngati sadatulukire uku kapena uko, ndiye kuti ali pomwepo, watula kuti apume, kapena akumasula chingwe cha belo. Mumathamangira kuseri kwa loleyo. Makina zidawatengera nthawi kuti aphunzire kuganiza chotero. Mu 2003 Yaakov Bar-Shalom wa pa yunivesite ya Connecticut ndi mnzake Thiagalingam Kirubarajan adalemba za njira yolondolera magalimoto ochita dala kuyenda, kuima, kuyendanso. Kompyuta imasunga maganizo angapo nthawi imodzi: mwina ikuyenda mowongoka, mwina ikukhota, mwina yaima. Nthawi iliyonse imene radar yayang'ana n'kupeza palibe, pamalo poti lole yoyenda ikadaoneka, ganizo loti yaima limalemera pa sikelo. Amaipatsanso mapu a misewu, poti lole siidutsa m'dambo, ndi mapu a mapiri, kuti ikasowa kuseri kwa phiri kompyuta isadabwe koma ikaidikire kotulukira.

Radar ya JSTARS inali ndi nzeru inanso. Kadontho kakazima, woyang'anira ankatha kuiuza kuti ijambule chithunzi cha malo amenewo, chimene chimaonetsa ndi zoima zomwe. Koma radar ndi imodzi. Nthawi imene ikujambula pano ndi nthawi imene siikupeta uko. Kutseka bowo limodzi kumatsegula lina.

Ndiye pali tsoka ili: kuseri kwa lole kwatuluka anyamata awiri, onse asenza mabelo ofanana, wina walunjika kumanja wina kumanzere. Wanu ndi uti? Apa mpamene kompyuta imatha kutenga mbiri ya lole ya mzinga n'kuimata pa lole ya mafuta imene idangodutsa pafupi. Donald Reid mu 1979 adapereka njira yoti kompyuta isafulumire kusankha, isunge nkhani zonse ziwiri, mwina zinayi, mwina zisanu ndi zitatu, mpaka umboni udzathetse zina. Nzeru yabwino, ndipo ikugwira ntchito mpaka lero. Koma munthu amene chala chake chili pa batani sakonda kuuzidwa kuti mwina. Komanso JSTARS itapita ku Bosnia mu 1995 ndi ku Kosovo mu 1999, kumene kuli mapiri, nkhalango ndi magalimoto a anthu wamba osakanikirana ndi a asilikali, idapeza kuti dziko lonse si chipululu.

Tsopano nkhani imene imandiwawa kwambiri pa zonsezi. Nkhondo ija itatha, America, Britain, France ndi Turkey ankalondera kumpoto kwa Iraq poteteza anthu a mtundu wa Kurd, ndipo ndege za Saddam zidaletsedwa kuuluka m'dera limenelo. Pa 14 Epulo 1994, ife kuno tili kalikiliki ndi misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 17 Meyi, mahelikopita awiri a asilikali a America a mtundu wa Black Hawk adanyamuka m'tauni ya Zakhu kupita ku Irbil. Adanyamula anthu 26. M'mwamba munali AWACS ndi anthu ake 19, ndipo aka kanali koyamba gulu limeneli kugwirira limodzi ntchito m'deralo. Mahelikopita sadabisale. Ponyamuka nthawi ya 9:54 m'mawa adalankhula ndi AWACS pa wayilesi, kunena kumene akuchokera ndi kumene akupita, ndipo adapatsidwa chizindikiro chawo pa sikirini chosonyeza kuti awa ndi athu.

Nthawi ya 10:12 mahelikopita adalowa m'zigwa za pakati pa mapiri, radar n'kuwataya. Palibe chachilendo pamenepa, mapiri ntchito yake ndi yomweyo. Kompyuta idachita zimene idaphunzitsidwa, idapitiriza kuyendetsa chizindikiro chija molingana ndi liwiro ndi njira yomaliza imene idaona. Msilikali mmodzi wa m'ndegemo adazindikira kuti asowa, ndipo adatumiza kamuvi kochenjeza pa sikirini ya mkulu wa oyang'anira. Kamuviko kadaphethira kwa mphindi imodzi n'kuzima kokha, palibe adachitapo kanthu. Nthawi ya 10:21 woyang'anira wina, poganiza kuti mahelikopita atera penapake monga ankachitira kawirikawiri, adafufuta chizindikiro chija.

Mwaona? Kompyuta inkati ali chakuno. Munthu adati kulibe. Ndipo chinthu chokhacho chimene chinkakumbutsa anthu 19 kuti m'zigwamo muli anzawo chidachoka pa sikirini.

Mphindi imodzi yokha itadutsa, 10:22, woyendetsa ndege yankhondo ya F-15, imodzi mwa ziwiri zimene zidangolowa kumene m'deralo kudzasesa, adanena kuti radar yake yagwira chinthu chouluka motsika ndi mwapang'onopang'ono pa mtunda woposa makilomita 60. AWACS idayankha kuti kwa iyo pamenepo palibe kanthu. Palibe adati, achimwene dekhani, tinali ndi mahelikopita athu awiri chakomweko mphindi 10 zapitazo. Ndege zankhondo zimakhala ndi kachipangizo kotchedwa IFF, kamene kakafunsidwa ndi radar kamayankha nambala yosonyeza kuti ndine wanu. Mahelikopita aja ankayankha nambala yogwira ntchito m'dziko la Turkey, osati ya dera la kumpoto kwa Iraq, chifukwa gulu lawo silinkadziwa kuti ikadutsa malire nambala imasintha. Wayilesi yawo nayo inali pa tchanelo china, chosiyana ndi cha ma F-15. Patapita mphindi zochepa, timadontho ta IFF tosonyeza kuti ndi abale tidayambanso kuoneka pa masikirini a AWACS, pamalo omwewo amene F-15 inkaloza. Koma timadonthoto tinalibenso dzina. Dzina lidafufutidwa 10:21. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akuyang'anira za mahelikopita. Paja akuluakulu adati njuchi zikachuluka siziika uchi.

Ma F-15 adatsika kuti akaone ndi maso. Adadutsa pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola, m'chigwa, akusamala kuti asaombe phiri. Ma Black Hawk tsiku limenelo adamangirira mathanki a mafuta apadera m'mbali, ndipo zimenezi zidawapatsa maonekedwe ofananako ndi mahelikopita a ku Russia a mtundu wa Hind amene Iraq inali nawo. Mbendera za America zopentedwa pa mahelikopitawo sadazione. Nthawi ya 10:30 wotsogolera adaponya mzinga, mnzake adaponya wachiwiri. Anthu onse 26 adafera pomwepo: 15 a ku America, 5 a mtundu wa Kurd, 3 a ku Turkey, 2 a ku Britain ndi mmodzi wa ku France. Kuchokera pamene radar idawataya kufika pamene adaphedwa ndi anzawo omwe, padadutsa mphindi 18.

Amene adakaima m'khoti la asilikali ndi munthu mmodzi yekha, Kaputeni Jim Wang, mkulu wa oyang'anira wa pa AWACS uja, ndipo mu Juni 1995 khoti lidamupeza wosalakwa. Oyendetsa ma F-15 sadazengedwe mlandu m'khoti. Patapita miyezi iwiri mkulu wa gulu lankhondo la m'mlengalenga, Ronald Fogleman, adawaletsa kuyendetsa ndege kwa zaka zosachepera zitatu. Anthu 26, chilango chake chimenecho.

Kuona kwanga ine, pa tsiku limenelo makina ndiwo adachita bwino kuposa anthu. Radar idalephera poyenera kulephera, kuseri kwa phiri. Kompyuta idasunga chizindikiro, idachita ngati mayi uja amene maso ake adumphira kotulukira. Amene adatembenuza "sindikumuona" kukhala "kulibe" ndi munthu, ndipo ena 18 adangokhala. Mayi wa kaunjika sangachite zimenezo ndi belo lake, chifukwa ndi mpamba wake, ndalama yake ya ngongole ya banki m'khonde. Pa AWACS paja mahelikopita sadali belo la munthu aliyense.

Ndege za JSTARS adazipumitsa ntchito mu 2023, zitakalamba, ndipo Amereka adanena kuti ntchito yolondola magalimoto akufuna aipereke kwa masetilaiti. Nsanja yaitali kuposa zonse, eti? Koma setilaiti youluka motsika imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90 kapena 100. Malo amodzi imawaona kwa mphindi zowerengeka, kenako yapita kuseri kwa dziko, ndipo kuti ina ifike msanga pamafunika gulu lalikulu la masetilaiti otsatizana. Pakati pa imene yapita ndi imene ikubwera, lole ya makilomita 60 pa ola ikhala ikudya kilomita imodzi mphindi iliyonse, kapena ikhala itaima kunsi kwa mlatho.

Za tomato ndi matikiti tibwererako sabata ya mawa.